Kuseri kwa Chinsalu

Ndili ndi maakaunti awiri.
Imene mayi amaiona ili ndi nkhope yanga m'mpango wobiriwira,
maluwa a pageti la yunivesite,
ndi mavesi amene ndimakopera kwa azakhali Lachisanu lililonse.
Inayo ndi yokhoma. Anthu khumi ndi anayi basi.
Dzina lake ndi la mphaka wanga amene anafa ndili wamng'ono.

Tsiku lachisanu ndi chitatu la Ramadani
Yogyakarta yense anali atauma milomo.
Ine ndinali pabenchi kwa Pak Tukiran,
kuseri kwa chinsalu chabuluu chimene amatsitsa masana
kuti osala asaone odya,
kaya kuti odya asaone osala, sindidziwa.
Kunsi kwa chinsalucho kumangooneka mapazi:
jombo za mlonda wa kubanki,
mapatapata a oyendetsa njinga zamoto,
ndi nsapato zanga zoyera, zong'ambika chakuchala.
Mpunga wokazinga, dzira pamwamba, tsabola wambiri.
Panalibe woyang'ana mnzake.

Sindinasiye kukhulupirira ayi.
Ndikanasiya, bwenzi dzira lija litatsika bwino pakhosi.
Kungoti chiikireni bambo m'manda
pemphero limandithera pakati ngati mayunitsi,
ndimatsala manja ali m'mwamba
kudikira kuti mwina kumbali inayo ayankhulanso.

M'kalasi ya Lachiwiri mphunzitsi anatiuza
kuti foni imadziwa komwe tagona, nthawi imene tadzuka,
ngakhale chimene tinalemba n'kufufuta.
Kinanthi anandinong'oneza:
ndiye kuti angelo a pamapewa aja ntchito yawathera.
Ndinaseka, kenako kuseka kwangako kunandiopsa.
Koma angelo sagulitsa zimene alemba.
Usiku wina ndinafunsa foni
ngati munthu wokayika amakhululukidwa.
Kutacha inayamba kunditsatsa mikeka yopemphererapo,
yotsika mtengo, kubweretsa pakhomo ulere.

Wondiulula sanachokere kutsidya kwa nyanja.
Ndi Bagas wa chaka chachitatu, wojambula chilichonse choyenda,
anajambula chinsalu chija ali panjinga
n'kulemba kunsi kwake: mapazi sasala.
Anthu zikwi ziwiri anaseka.
Nsapato zoyera, zong'ambika chakuchala,
zimene mayi anandigulira pamsika ku Pekalongan
atanenerera mtengo theka la ola.

Foni inalira dzuwa litangolowa,
mizikiti ikuitana, wina kutsogola, wina kutsalira.
Ndinaisiya ilire kanayi.
"Gendhis, wafuturu?"
"Eya, mayi."
Zii.
Ndinamva supuni ikugunda m'tambula ya tiyi,
mng'ono wanga akulimbana ndi wailesi yakanema.
"Nsapato zija zatha," anatero.
"Ndikutumizira ndalama ugule zina.
Tsabola uchepetse, mimba yako ndimaidziwa ine."
Ndinadikira mawu enawo, aakuluwo.
Sanabwere.
Anangofunsa ngati lendi ndalipira.

Usiku umenewo ndinafukula foni yonse:
kusintha nambala yachinsinsi,
kuzimitsa choulula komwe ndili,
kuchotsa atatu pa khumi ndi anayi aja,
kenako kubwezerapo mmodzi chifukwa analibe mlandu.
Ndinalembera Bagas uthenga wautali, waukali,
ndinaufufuta, ndikudziwa kuti kwinakwake wasungidwabe.

Cha m'ma fili koloko anyamata a m'dera lathu anadutsa
akumenya zitini ndi zigubu,
kudzutsa anthu kuti adye daku.
Ndinadzuka.
Ndinatenthetsa mpunga wadzulo,
ndinadya chiimirire pawindo,
phiri la Merapi lisakuoneka mumdimamo
koma ndikudziwa mbali imene lili.
Sindinajambule.
Sindinalonjeze aliyense kanthu.
Ndinamwa madzi makapu awiri, lachitatu theka,
kuti mwina, ndikafuna,
ndikafike madzulo.