Masekondi Atatu

Kunja utsi wa malasha wagona pa Ulaanbaatar
ngati bulangete la munthu wodwala.
Ife tili pansi pa nyumba, masitepe khumi ndi awiri kutsika,
m'chipinda cha makompyuta momwe dzuwa silinapondemo.
Majekete tapachika kumsana kwa mipando,
zala zikutsitsimuka pang'onopang'ono
pa makapu a tiyi wamkaka wothira mchere.

Sarnai watembenuza lisiti la kufamase komwe amagwira ntchito,
akujambula mtsinje ndi bolopeni yotha inki.
Apa mlatho. Apa linga lawo.
Apa nkhalango ija yomwe sabata yatha
inatimeza tonse osatafuna.

"Batzorig, iwe ndiwe nyambo.
Ukagogode pachipata chakumwera ndi asilikali ako apansi,
uchite phokoso ngati muli chikwi,
ndipo ukafe pang'onopang'ono. Usafe msanga."
Batzorig, amene wakhalira kuyendetsa basi tsiku lonse
mumsewu wothina ngati khosi la botolo,
akuseka: kufa mochedwa ndiye ntchito yanga imeneyo.

Temuulen, mwana wasukulu, mwendo sukukhazikika.
Mauta ake akumuyabwa m'manja,
akufuna kuthamanga pompano.
Ndamugwira paphewa.
Kuona maso a nkhono n'kudekha, mphwanga.

Ine andipatsa makina oponya miyala,
olemera, aulesi, oyenda ngati ng'ombe yabere.
Ndawawerenga kawiri: asanu ndi amodzi.
Matabwa atsala ochepa. Golide ndiye watha.

Ndiyeno pali Ganzorig.
Mpando wake uwo pakona,
pakhala mlendo wothamangitsa timagalimoto.
Mwini wake ali ku Ansan, ku Korea,
m'kachipinda kapamwamba pa fakitale
komwe amadula zitsulo kuyambira m'bandakucha.
Mawu ake amatipeza atatopa ndi ulendo,
atachedwa masekondi atatu,
ngati bingu lotsalira m'mbuyo mwa mphezi.

Ndipo akavalo onse ali m'manja mwake.

Sarnai akutafuna chivindikiro cha bolopeni.
"Ndikati tsopano, kwa iwe ndi kale.
Ndiye sindinena kanthu.
Ukangoona mbendera ya Batzorig yayamba kupendekeka,
usadikire pakamwa panga. Woloka."

Zii.
Tikumva kutsokomola,
ndi sitima ikudutsa m'dziko lomwe sitinalionepo.
Kenaka: "Ndamva. Nanga mayi anga mwawaona?"

Bolopeni yaima.
"Anabwera Lachiwiri, kudzagula mankhwala a mawondo.
Ali bwino. Akuti uzidya."

Imodzi.
Ziwiri.
Zitatu.

"Chabwino. Tiyeni."

Batzorig wagogoda.
Chipata chalavula adani ngati chulu chopondedwa,
onse akuthamangira kumwera, monga lisiti linanenera.
Makina anga akukwawa m'matope, akubuula,
mwala woyamba waphonya, wachiwiri waluma khoma.
Temuulen akunong'ona manambala, milomo gwaa,
mivi ikadali m'phodo. Mwana wapirira.
Anthu a Batzorig akugwa mmodzimmodzi,
iye akuwatchula mayina a masiteji a basi yake
kuti asawamvere chisoni.

Mbendera yagwedezeka.
Yaweramira kumanzere.

Palibe wayankhula.
Sarnai watseka pakamwa ndi dzanja lake lomwe,
kuopa kuti liwu lingathawe.
Ine maso ali pamlatho wopanda munthu,
kamzere kabuluu ka inki yotha,
ndipo ndikuganiza za mtunda:
chipululu chonse cha Gobi, nyanja, malire awiri,
waya woonda wodutsa pansi pa zonsezo.

Fumbi.
Kumpoto kwa nkhalango, fumbi.
Akavalo atulukira, mazana awiri, mitu pansi,
ziboda zikusoka mlatho ngati makina a telala,
akulowa kumsana kwa linga komwe kulibe mlonda.

Temuulen waimirira, mpando wagwa,
mwini malo watukula mutu pakauntala.
Sitinapambane ayi, nkhondo ikadalipo,
khoma lachiwiri likadali chilili.

Koma taonani:
koyamba chichokereni,
mnzathu wafika mawu ake asanafike.
Patapita masekondi atatu
ndi pomwe tikumva akukuwa:
"Ndikubwera!"