Kalasi ya pa Geti Lachitatu

Ku Kanengo, pa geti lachitatu la nkhokwe ya fodya,
pali babu limodzi losagona.
Pamenepo ndi pomwe ndinalembetsa sukulu.
Desiki yanga inali ndowa yozondotsa,
belu langa, sitima ya katundu yodutsa pakati pa usiku,
mnzanga wa m'kalasi, galu wa kampani, Mundileke,
yemwe ndikamawerenga mokweza ankangoyasamula
ngati zonsezo anazimva kale.

Aphunzitsi ndinalibe.
Ndinali ndi mabuku atatu ogula pansi mu Malangalanga,
limodzi lopanda masamba makumi awiri apakati.
Masamba amenewo ndinawasaka chaka chathunthu
mpaka ndinawapeza ku laibulale ya ku City Centre,
n'kuwakopera pamanja, kuseri kwa malisiti akale.
Zina inkandiuza foni yosweka galasi,
koma bandulo inkatha pakati pa chiganizo
n'kundisiya kukamwa kuli yasa.

Juni wa ku Lilongwe saseka ndi munthu.
Zala zikauma pa cholembera ndinkaziwamba pa mbaula
n'kubwerera ku masamu a chuma:
ngongole mbali iyi, katundu mbali iyo,
ine wa ngongole ya chimanga kwa a Nabiyeni ku Mgona,
ine wa katundu wokwana m'chikwama chimodzi.

Tsiku lina a Kamtukule, oyendera alonda, anandipeza nditawerama.
"Tinakulemba kuti uzilondera geti kapena zilembo?"
Anati andidula malipiro a masiku atatu.
Sindinayankhe.
Mwezi utatha ndinawerengetsa pa kapepala ka malipiro
n'kupeza kuti adula anayi.
Ndinaseka ndekha mumdima mpaka galu anadzuka:
kwa nthawi yoyamba, ndinagwira wakuba pa geti limeneli.

Mayeso oyamba ndinagwa nawo chagada.
Ndinaponya mabuku pansi pa bedi, miyezi iwiri osawayang'ana.
Nasibeko, mkazi wanga, sananene kanthu.
Madzulo ena anangowatulutsa,
n'kusasa fumbi ndi ndowe za mphemvu,
n'kuwaika m'jumbo limodzi ndi mbatata yanga ya usiku.
Jumbo linalemera njira yonse.

Zaka zisanu ndi chimodzi.
Babu analisintha kanayi.
Mundileke anachita imvi kukamwa, nafa chaka chachisanu;
ndinamukwirira kuseri kwa mpanda
osamuuza kuti tatsala ndi mapepala awiri okha.

Kenako dzina, Yotamu Chadzunda,
lachinayi kuchokera pansi pa mndandanda wa yunivesite
yomwe makalasi ake ndinangowalowa polemba mayeso basi.
Mkanjo ndinachita kubwereka, unandipitirira manja.
Ndinaubweza dzuwa litapendeka,
ndipo lisanalowe ndinali pa geti, chibonga m'manja,
popeza lendi sadziwa digiri.

Kalata zofunsira ntchito ndatumiza zisanu ndi ziwiri.
Yabwerako imodzi: ndikaonekere Lolemba.
Nsapato ndapukuta kale, ngakhale lero ndi Lachinayi.

Dzulo Lifeyo, mlonda watsopano, mwana wa ku Nsaru,
anandifunsa ngati mabukuwa amaluma.
Ndinati eya, amaluma, makamaka cha m'ma 3 koloko m'bandakucha.
Ndamusiyira ndowa.
Ndamusiyira buku lija, ndi masamba makumi awiri
a m'zilembo zanga zokhotakhota,
ndipo ndamulangiza akhale chakumanzere kwa babu,
kuti mthunzi wa mutu wake usagwere pa tsamba.