Ulusi Wokungika

Pa khonde la sitolo ya a Mphonongo, pa Kamwendo,
ndasokapo zaka khumi ndi zinayi.
Miyendo yanga inkadziwa yokha kupalasa makina,
ine ndikucheza ndi amayi a mtedza,
maso ali ku minibasi za ku Mkanda.

Chaka chija mvula inachedwa,
akatumba anga anayamba kuuma usiku
ngati makaka oiwalika padenga.
Ndinkadzuka ndi mfuu,
chala cha kuphazi chitapindikira pansi chokha.
Mapewa anakwera kukafuna makutu,
osatsikanso.
Okutobala, phula likununkha pa msewu wa ku Chipata,
ine ndili m'majuzi awiri.

Anthu anati Enifa wanenepa,
ndalama za mayunifolomu zamuyanja.
Ena anati ndi ulesi.
Mlamu wanga anati wina watapa dothi pomwe ndinaponda,
anandiperekeza kwa munthu wake ku Kapiri,
anditema mphini zisanu ndi imodzi pamsana.
Mphini zinapola.
Msana sunamve.

Tsitsi linkatsalira m'chipeso.
Mawu anasasa, analemera,
mpaka mwana wanga Zione, pa foni,
anandiyankha kuti, "Ee, bambo."

Anali a Kachigunda, ku chipatala cha ku Boma,
amene anasiya kuyang'ana miyendo
nandigwira pakhosi.
"Mezani malovu."
Magazi anga anakwera galimoto ya ku Lilongwe ine ndisanapiteko,
anabwerako patatha masabata atatu
atasanduka pepala.
Chithokomiro, anatero,
kanthu kakang'ono apa, kakugwira ntchito mwaulesi,
ndiye thupi lonse likudikira.
Ndinaseka mpaka nesi anasuzumira pakhomo.
Ulesi unalipodi,
koma sunali wanga.

Tsopano faivi koloko m'mawa
ndimameza kambewu kochepa kuposa batani la malaya a khanda,
ndi madzi okha.
Tiyi amadikira ola lathunthu.
Ndinkayesa kuti pofika Loweruka ndikhala ndachira.
Ayi.
Kuzizidwa kunachoka koyamba, kenako tulo ta masana,
koma khosi ndi akatumba ndi alendo osadziwa kutsanzika.

Ndiye ndaphunzira kukhala nawo.
Botolo la Sobo, madzi otentha,
ndalisokera chovala chake cha zidutswa za chitenje,
limagona nane pamalo pomwe pakulira usiku umenewo.
M'mawa ndimakankha khoma la a Mphonongo ndi manja awiri,
chidendene chili pansi, ndikuwerenga mpaka sate.
Anyamata a kabaza amati, "Mayi, ligwa limenelo!"
Ndimati likagwa mudzandithandiza kuumba njerwa.
Ndikamaliza madiresi atatu ndimanyamuka,
kupita ku mjigo ndi kubwerako,
ngakhale ndilibe ludzu.

Madzulo Zione amandikanda mapewa ndi chigongono
akuloweza mayina a mitsinje ya mayeso ake.
Bua, akanikiza.
Rusa, akanikizanso, ndipo ndimatukwana pang'ono.

Mwezi watha kunabwera mayi wa ukwati,
madiresi khumi ndi awiri, masiku anayi,
ndalama zili kale m'dzanja.
Ndinaziyang'ana. Ndinamva msana ukundiyang'ananso.
Ndinati sinditha.
Zaka makumi anayi ndi zitatu
ndisanayankhulepo mawu amenewo pa khonde lino.

Ilipo miyezi imene pawindo la mankhwala amati atha,
ndimakagula ndekha, mtengo wa masiketi awiri.
Alipo masiku amene ndimachita zonse bwinobwino
koma ululu n'kubwerabe, osapereka chifukwa.
Tsiku lotero ndimasoka mabatani ndi manja,
miyendo ili pa kreti.

Telala aliyense amadziwa:
nsalu ikayamba kukhwinyata pansi pa singano
sukoka, susintha nsalu.
Umagwira kachitsulo kaja ka ulusi,
kupotokola pang'ono,
kuyesa pa kachidutswa,
kupotokolanso.

Lero ndasoka madiresi asanu.
Lachisanu ndi chimodzi ndalidula kale,
lagona pa makina, choko chikadali m'mbali mwake.