Kabudula wa ku Soweto

Ulendo woyamba wa ku Chongwe ndinavala jinzi
yodula m'mawondo ndi lumo la akazi anga.
Popita ndinkaimba mluzu.
Pobwera, ndisanafike n'komwe pa mphambano ya ku bwalo la ndege,
msoko wa pakati uja unali utasanduka mpeni,
ukucheka pang'onopang'ono
malo amene munthu satchula pagulu.
Lolemba kuntchito ndinkayenda chotang'adza ngati bakha,
nkhomaliro ndinadya choimirira.

Masauso, amene wapalasa zaka khumi, anaseka mpaka misozi.
Njinga mwagula yabwino, akulu,
koma chokhala pachishalo ndi mnofu wanu.

Loweruka ndinali ku Soweto, mzere wa salaula,
belo atangolidula mawaya,
fungo la mankhwala likutuluka ngati mpweya wa m'chipatala.
Amayi Daka anapisa dzanja pansi pa mulu
n'kuvuula kanthu kakuda, konyezimira,
kochepa ngati ka mwana wa giredi faifi.
Ndinati, Amayi, ine ndili ndi zidzukulu.
Iwo anati, Tembenuzani.
Kabudula wa panjinga sitigula poona kunja.

Kanikizani siponjiyo ndi chala chachikulu.
Ikadzuka msanga, ikadali moyo.
Ikasiya dzenje, mwini wake anaimaliza kale kwawo kozizirako.
Yonenepa ngati matiresi musaikhulupirire,
imamwa thukuta, imapindika, kenaka iyamba kuluma.
Yendetsani chala pamsoko ngati mukufuna minga m'nsomba,
ukhale wogona, wosadzutsa mutu.
Lasitiki wa pantchafu agwire,
koma asamange ngati chingwe cha mbuzi.
Tsopano kokani nsaluyo, muiloze kudzuwa.
Mukaona nkhope yanga kuseri kwake,
a minibasi akumbuyo kwanu adzaona zambiri.

Atatsitsa mawu anawonjeza:
Ndipo m'katimo simuvalanso kanthu.
Ndinayang'ana kwa wogulitsa nsapato.

Tinalimbana pamtengo mpaka ndinasiya ya nyama ya mlungu wonse.
Ndinamuchapa katatu,
n'kumuyanika kuseri kwa nyumba,
kuti aneba a ku Chilenje asayambe mafunso.

Lamulungu, tambala asanatope kulira,
ndinali pamsewu wa ku Chipata.
Manda Hill ili mtulo, ku yunivesite kuli zii,
pa Chelston mayi mmodzi akuyala tomato wake.
Ndinkadikira kuti ululu uyambe,
monga umadikirira wangongole pakhomo.
Sunabwere.
Ndinayamba kuona zina: nkhungu m'madambo,
chimanga chofika m'chiuno,
galu wakufa amene sabata yatha sindinamuone
chifukwa maganizo onse anali pansi panga.
Kabudula uja ndinamuiwala,
ndipo ndi zimene ndinalipirira.

Pachitunda china ndinaima kumwa madzi.
Tsidya la msewu kunaimanso mwamuna wamakala,
matumba anayi kumbuyo, limodzi pa fulemu,
buluku long'ambika pabondo,
chishalo chokutira ndi chisaka, chomanga ndi malegeni.
Ananyamuka usiku, akupita komwe ine ndikuchoka.
Anawoloka, ndinamupatsa botolo.
Atamwa anatsina nsalu ya pantchafu panga,
n'kuisiya, inalira thapu.
Zingati aka?
Ndinatchula theka la mtengo.
Anaimba mluzu. Thumba lathunthu limenelo, abwana.
Ine anga anapanga kale siponji yawoyawo.

Tinaseka. Dzina anati ndi Yotamu.
Pokwera njinga yake ndinaona mmene anakhalira,
chammbali, thako limodzi lili m'malere,
mmene ndinakhalira ine pobwera tsiku lija.

Ku Chongwe ndinadya nthochi ziwiri, nditakhala pansi bwinobwino.
Pobwerera mphepo inali kumaso,
ndipo njira yonse ndinkayesa m'chiuno mwa Yotamu ndi maso a m'mutu:
mwina sate, mwina sate-thuu.
Amayi Daka amadula belo lina Loweruka.