Kunsi kwa pikapu

Yotamu anati, "Mayi, yalani katoni, mulowe nokha.
Ndikangokuuzani pakamwa mudzati ndikufuna ndalama zanu."
Ndinamanga chitenje, ndinalowa chagada
pagalaja yake kuseri kwa msika wa Chinkhoma.
Zaka zisanu ndi ziwiri ndikudya za galimotoyi
osaionapo kumimba.

Pamwamba ndi yoyera ndithu.
Ndimaitsuka Loweruka lililonse,
magalasi ndimapukuta ndi nyuzipepala,
a matola amaisankha pakati pa zinzake.
Kunsi kuno ndi kofiira ngati chulu chogumuka.

Anandipatsira kanyundo. "Gogodani. Mvetserani."
Apa: ngwe! Chitsulo chikuyankha.
Apa: ngwe!
Apa, pomangirira sipuling'i yakumbuyo: phu,
ngati dzungu lowolera m'kati,
zinyenyeswa n'kundigwera m'maso ndi m'kamwa.
Dzimbiri limamveka ngati magazi a m'nkhama.

"Feteleza ameneyo," anatero ali chinyonyomalire panja,
ine ndikungoona nsapato zake zobowoka ndi nthethe za moto.
"Thumba likang'ambika, mvula n'kugwa,
madzi ake amatsikira m'timabowo ta bodi
n'kukagona m'matope amene munatola chaka chatha.
Matopewo sauma. Pofika Okutobala
kunja fumbi, m'kati mwa chasisi mukadali dzinja."

Ndinawerenga chamumtima:
matumba a yureya opita ku maesiteti,
mchere wa Nasiwelo wa pagolosale,
usipa wodontha, zigubu za madzi a pamaliro,
zithaphwi za msewu wa ku Santhe
zimene ndinkawoloka ndikuimba.

Kenaka dzanja langa linakhudza chigamba.
Chokhota, chowotcherera mwaphuma,
mfundo zake zotupa ngati zipsera,
ndipo pakona pake kapenti kobiriwira.
Ndinakadziwa.
Wilibala yathu ija,
imene Gelesomu anati yabedwa ndi anyamata a ganyu,
ine n'kulalata sabata yathunthu,
iye ali phee, kumangomwa tiyi.
Ndinagogoda. Ngwe!
Munthuyo watha zaka zinayi ali kumanda,
bodza lake likugwirabe chasisi.

Ndinaseka, dzimbiri n'kundigweranso m'kamwa.

Ntchito inatenga masiku atatu.
Loyamba kutokosa matope ndi waya, kuthira madzi, kudikira ziume.
Lachiwiri magetsi anathima m'mawa,
tinapala ndi bulashi yachitsulo mpaka mikono kuwawa;
atayaka usiku, girayinda inalira,
kudula chowola chonse mpaka pofika chitsulo chowala.
"Mukapaka penti pamwamba pa dzimbiri," anatero,
"mwalifunditsa bulangeti kuti lidye bwino."
Lachitatu anasema chitsulo chatsopano,
kuwotcherera pang'ono apa, pang'ono uko,
kuti chasisi ingapindike ndi kutentha.
Penti wofiira. Girizi pamabawuti.
Oyilo wakuda anamupopera m'mphako zonse
mpaka kudontha ngati mamina.

Mtengo wake: mabelo awiri a fodya,
ndi theka la fizi ya Tinenenji, amene ayembekeze kaye mwezi uno.
Ndinafunsa ngati basi latha.
Anapukusa mutu. "Silitha ili, mayi.
Timangolichedwetsa."

Chigamba chobiriwira ndinamuletsa kuchotsa.
Anang'ung'udza kuti chikunyozetsa ntchito yake,
koma anachizungulira.

Tsopano feteleza ndimayalira lona kaye.
Mvula ikakata ndimatenga ndowa, kamtengo ndi katoni yanga,
n'kulowa kunsi pabwalo panga pomwe.
Odutsa amangoona mapazi awiri ali tong'o,
wina amaima n'kufunsa, "Kuli bwino kumeneko?"
Ndimayankha ndi kanyundo.
Malo ena ngwe, malo ena sindinafikeko,
ndipo pali pamodzi, kumanzere, pafupi ndi thanki,
pamene ndimagogoda mopepuka dala.