Giya Yachiwiri

Zaka khumi ndi chimodzi Sitauti ya abambo yakhala pa njerwa
kuseri kwa nyumba, pa Ngabu,
nkhuku zikuikira mazira pampando wa dalaivala.
Madzi a chaka chija analowa mpaka m'mapisitoni,
nasiya matope, napita.
Zuze anaitsegula Loweruka, nanunkhiza, napukuta manja pa ovolosi:
"Mlongo, thupi lilipo.
Mtima ndiye unatsogola kale."

Ndiye ndakhala ndikuyenda m'chigwa chonse
ngati munthu wofunsira mbeta.

Ku Nchalo, kuseri kwa owotcherera zitsulo,
Dinyero ali ndi injini ya petulo
yochoka m'galimoto ya bwana wina wa kunzimbe.
Inalira ngati mphaka wokhuta,
utsi wake wosakwana ndi wa ndudu imodzi.
Koma ine ndimagulitsa mbuzi, ndimawerenga ndi mbuzi:
ulendo umodzi wokwera ku Limbe
thanki imeza ziwiri, ndi mwendo wa yachitatu.

Ku Bangula kuli ya dizilo,
yotsala m'minibasi imene inagubuduzika pa Phokera.
Onse anatuluka amoyo, akutero mwini wake,
kulumbira katatu ndisanamufunse n'komwe.
M'mawa imatsokomola ngati mkulu wa fodya wa chingambwe,
imagwedeza mabawuti, imadetsa khoma.
Ikatenthedwa, eee,
imakoka ngati ng'ombe yapangolo yoona khola.
Ndinaika dzanja pa chivundikiro chake, ndinafunsa chimodzi chokha:
kodi idzapirira Okutobala wa kuno,
phula likamamata ku patapata,
mbalame zitayasama m'mthunzi wa msawu?
Zuze akuti tidzaipatsa redieta ya lole.

Pa injini tinamvana. Mkangano uli pa giyabokosi.

Iye akufuna ya magiya asanu.
Akuti msewu wa ku Nsanje tsopano ndi mphasa,
yachisanu idzandisungira mafuta,
ndipo inabadwira pamodzi ndi dizilo uja, sizidzakanana.
Zoona zokhazokha.
Ine ndikufuna yakale, ya anayi,
ya ndodo yapambali pa chiwongolero,
imene mutu wake unasalala ndi chikhatho cha munthu mmodzi.

Zuze sanakwerepo Thabwa ndi mabelo a thonje.
Ine ndinali ndi zaka zisanu ndi zinayi,
ntchito yanga inali mwala.
Galimoto ikayamba kupuma mwabefu pa chigongono chachitatu
ndinkadumpha, kuthamangira kutayala la m'mbuyo,
mwala pachifuwa ngati mwana,
abambo akukuwa pawindo, "Usaike, Fasiteni! Dikira!"
dzanja lawo litapanikiza giya yachiwiri
poti inkakonda kuthawa yokha.
Pansi pathu Shire atagona ngati lamba wotayidwa,
ndipo nthawi zambiri mwala sunagwire ntchito.

"Chikondi sichimanga bawuti," akutero Zuze.
Mabowo a dizilo ndi a giyabokosi ya abambo sakuyang'anana,
atatu akulasa padera, kilatchi ikuchepa ndi chala.
Wayeza ndi waya, wajambula pa katoni ya sopo,
wakhala chete nthawi yophika tiyi.
Kenako: "Banja lotere limafuna nkhoswe."
Chitsulo chapakati, chochindikala ngati chikhatho,
chodulidwa ku Nchalo, chobooledwa mbali zonse
kuti aliyense apeze pogwira.
Mtengo wake, mbuzi ina. Ndi chenjezo:
ndikadzaikakamiza, dizilo adzaithyola mano nkhalambayo.

Ndavomera.
Mbuzi zisanu ndi ziwiri zatuluka m'khola Lachitatu,
imodzi ya bere, ndipo mwana wanga sakundilankhula.
Injini yabwera pangolo, yokulungidwa m'thumba la feteleza,
yalendewera pa nthambi ya mtondo ndi unyolo wobwereka.
Sinalire. Mwina mawa, mwina mwezi wa mawa.

Posesa kuseri kwa mpando
ndapeza nthenga, sipanala ya thwelofu,
lisiti ya thonje yosawerengeka,
ndi mwala uja.
Zuze amati autaye.
Ndaubwezera pomwepo.