Kutchula Mtengo

Lachiwiri lililonse, khoti likatseka,
ndimakwera chikepe chakale cha pa Cerro Concepción,
chija chimalira ngati chitseko chosowa mafuta,
kupita kwa Mayi Ximena Olavarría
amene anasiya kuimira milandu mawondo atayamba kukana masitepe
nayamba kuwongola ife, maloya aakazi a mu Valparaíso,
odziwa malamulo onse kupatula limodzi:
lakuti ntchito ikagwirika, mwini wake adziwike.

Tsiku loyamba sanandifunse za digiri.
Anandithirira khofi, natsegula zenera loyang'ana kudoko.
"Maite, sitima yofiira ija, ya makontena,
inagwidwa miyezi itatu. Anaiwombola ndani?"
Ndinati, "Kampani yathu."
"Kampani ili ndi zala?
Ndiyo inagona pampando usiku kasanu ndi kanayi?"
Ndinayang'ana m'kapu.
Masamba mazana awiri aja ndinalemba ndine,
koma kuphwando la eni sitima
anaitanidwa Bambo Echeñique.
Ine ndinali m'basi, kuthamangira Amaro kwa mlezi.

Sabata yachiwiri anatulutsa kope lachikasu.
Ndikangoti "pepani" ankalemba kamzere.
Ola lisanathe, timizere khumi ndi tiwiri.
Pepani ndachedwa. Pepani ndifunse nawo.
Pepani, mwina ndalakwitsa, koma...
"Unaba chiyani," anatero, "kuti uzipepesa chonchi?"

Yachitatu ndiyo inawawa.
Anadzisandutsa kasitomala, mwini maboti a nsomba wa ku Quintero,
nandiuza nditchule mtengo wanga.
Ndinautchula, kenaka ndinayamba kuugwetsa ndekha
iwo asanatsegule n'komwe pakamwa.
Ndinasadza nthambi: "tikhoza kukambirana."
Ndinatema thunthu: "ngati zavuta, theka lokha."
Anangoti, "Bwereza. Tchula, ndipo utseke pakamwa.
Chete amene abwere pambuyo si wako, usamubereke."
Ndinabwereza kasanu ndi kawiri.
Panja mbalame zakunyanja zinkakangana padenga la malata;
ndinkaziwerenga kuti lilime lisandithawe.

Kenaka ntchito yokachitira kunyumba, ngati mwana wa pulayimale:
mayina asanu, mafoni asanu, osapempha kanthu.
Atatu sanayankhe.
Wina anayesa ndine mlembi wa Echeñique.
Wachisanu, Rayén Huenchul,
amene tinkabwerekana mabuku ku yunivesite,
lero mwini nyumba zoziziritsira zipatso,
anati, "Zaka khumi zonsezi uli kuti?
Ndimayesa unasamukira ku Santiago."
Ndinali pompano, misewu itatu kuchokera pa ofesi yake,
mbewa yamanyazi, muuna wa pansanjika yachinayi,
kudikira kuti wina anunkhize khama langa.

Dzulo ndinakhala moyang'anana ndi Rayén ndi akauntanti wake.
Ndinatchula mtengo.
Chete anafika, nakhala pakati pathu
ngati mlendo wobwera nthawi yachakudya.
Thukuta linayenderera kumsana.
"Pepani" anakwera mpaka pakhosi,
ndinamumeza ndi madzi.
Akauntanti anakhosomola, nati ndadulitsa.
Ndinati, "Inde."
Wotchi yapakhoma inayenda yokha.
Sanasaine. Akuti ayankha Lachisanu.

Kuofesi Echeñique akunditchulabe "mtsikana wathu uja,"
ndipo dzina langa likadali m'munsi mwa kalata,
m'tizilembo tofuna magalasi.
Zimenezo, atero Mayi Ximena, ndi za mwezi wamawa.

Lero chikepe chafanso.
Ndakwera wapansi masitepe onse, nsapato kumanja,
mphepo yamchere ikundikankha kumbuyo.
Amvetsera nkhani yonse, khofi akuzizira,
sanaombe m'manja, sananene kuti wachita bwino.
Angotembenuza kope lachikasu, tsamba la lero,
kundionetsa kamzere kamodzi kokha,
ka pakhomo paja
pamene ndinaponda mchira wa mphaka wawo.

"Aka," akutero, "n'koyenera."